Ucar ndi Akuba a Baseball: Mbiri Yosalembedwa Iribe Mboni

Funsani mdala aliyense wokonda mpira, kaya pa msika wa Matero, kaya pansi pa mtengo pamene acikulire amasewera nsolo ku Chawama, kuti malemu Godfrey Chitalu anamwetsa zigoli zingati m'caka ca 1972. Yankho lidzabwera inu musanatseke pakamwa: 107. Ciwerengero cimeneci ife a Zambia timacidziwa monga momwe tidziwira tsiku la ufulu wa dziko lathu. Koma pamene tinacitulutsa pamaso pa maiko ena m'caka ca 2012, ambiri anapukusa mitu, natifunsa funso limodzi lokha: kodi zimenezi zinalembedwa kuti?

Kutsidya kwa nyanja, ku America, kulinso ciwerengero cina ca m'masewero cimene eni ace amacinyadira. Ndico 130, maulendo amene mnyamata wina dzina lace Rickey Henderson "anaba" m'masewero ochedwa baseball m'caka ca 1982. Ziwerengero ziwirizi zatalikirana ndi zaka khumi zokha. Ca Henderson palibe munthu amene amacitsutsa. Ca Chitalu tinacita kucimenyera nkhondo. Kuti tione cimene cinasiyanitsa, tiyeni tiyambe tamva za masewero acilendowa ndi akuba ace.

Kuba kosatengera munthu kupolisi

Baseball amasewera matimu awiri, iriyonse ya anthu asanu ndi anai. Bwalo lace liri ndi ngondya zinai, ndipo pa ngondya iriyonse pali malo oimapo ochedwa base. Kucoka pa base imodzi kufika pa inzace pali mamita 27. Wosewera wa timu imodzi amaponya kampira kolimba, ndipo wa timu inayo amakamenya ndi ndodo, nathamangira ku base yoyamba. Akazungulira ngondya zonse nabwerera pamene anayambira, timu yace yapata cigoli. Pamene munthu waima pa base palibe angamcite kanthu, monga mwana wa cidunu amene wafika kale pamalo osagwidwa. Koma akampeza pakati pa njira namkhudza ndi mpira, watuluka.

Kawirikawiri wothamanga amadikira kuti mnzace amenye mpira asanasunthe. Wakuba sadikira. Woponya uja akangoyamba kuponya, iye amaliyatsa liwiro kulinga ku base yotsatira. Wowakha, amene amanjuta kumbuyo kwa womenya, amawakha mpirawo nauponya mwamphamvu kuti ukafike wothamanga asanafike. Zonsezi zimatha m'masekondi atatu kapena anai. Wothamanga akayamba kufika, amati waba. Mpira ukayamba kufika namkhudza nao, amati wagwidwa, ndipo timu yace yataya umodzi mwa mipata itatu yokha imene iri nayo pa ulendo umenewo.

Cotero liwiro lokha silikwanira ai. Wakuba wanzeru amayang'anitsitsa mapazi ndi mapewa a woponya, naphunzira zizolowezi zace, mpaka adziwe kamphindi koyenera kunyamuka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akanyamuka msanga, woponya amatembenuka namgwira. Akacedwa pang'ono, mpira umampitirira.

Akatswiri a caka ca 1982

Rickey Henderson, wa timu ya Oakland Athletics, anali ndi zaka 23 m'caka cimeneco. Anasewera masewero 149, naba maulendo 130. Pofika pa base anali kudziponya cafufumimba, manja patsogolo, fumbi liri koboo. Pa 27 Ogasiti, mumzinda wa Milwaukee, anapitirira ciwerengero ca 118 cimene cinali capamwamba kufikira tsikulo. Omtsatira m'caka cimeneco anatsalira kutali: Tim Raines wa Montreal Expos anaba maulendo 78, Lonnie Smith wa St. Louis Cardinals 68, ndipo Omar Moreno wa Pittsburgh Pirates 60.

Mabuku sanambisire zolephera zace. Analembamonso kuti m'caka comweco Henderson anagwidwa maulendo 42, ndipo panalibe wina amene anagwidwapo kambiri cotere m'caka cimodzi. Ulemerero ndi manyazi zinalembedwa pa tsamba limodzi, ndipo n'cifukwa cace tsambalo anthu amalikhulupirira.

Mwana wa sukulu wa ku America angathe kuchula mzere wonse wa amene anatsogola. Ty Cobb wa Detroit Tigers anaba maulendo 96 mu 1915, ndipo ciwerengero cace cinakhala zaka 47 cosagwedezeka. Maury Wills wa Los Angeles Dodgers anacigwetsa mu 1962 ndi 104, atagwidwa maulendo 13 okha. Lou Brock wa St. Louis Cardinals anafika pa 118 mu 1974, ali ndi zaka 35, msinkhu umene ambiri miyendo imakhala itayamba kulemera. Pambuyo pa Henderson panadza Vince Coleman, nayenso wa St. Louis, amene anaba 110 mu 1985, 107 mu 1986, ndi 109 mu 1987. Kucokera pamenepo kufika 2024 panalibenso wina amene anafika pa 100. Henderson mwini wace anamwalira mu Disembala 2024, atasiya ciwerengero ca 1,406 pa moyo wace wonse wa masewero.

Munthu wa colembera

Kodi anthuwa amadziwa bwanji zonsezi, mpaka tsiku ndi mzinda? Yankho siliri m'miyendo ya othamanga, koma m'dzanja la munthu wina amene owonerera samuombera m'manja. Kale m'zaka za m'ma 1850, mtolankhani wina wobadwira ku England, Henry Chadwick, amene anali kugwira nchito ku New York, anakonza kabokosi ka mizere kosindikiza m'nyuzipepala, koonetsa dzina la wosewera aliyense ndi zimene wacita pa tsikulo. Kabokosiko kanasanduka mwambo. M'maligi akuluakulu, masewero alionse amakhala ndi mlembi wace woikidwa, amene nchito yace ndi kulemba cocitika ciriconse, ndipo zolemba zace zimatumizidwa ku likulu la ligi.

Kuba anayamba kukuwerenga mu 1886. Mu 1898 anasintha lamulo la kawerengedwe, nalikhwimitsa. Ngakhale kusinthako kunalembedwa, kotero kuti maulendo 138 amene Hugh Nicol anaba mu 1887 amawaika paokha, popeza anawerengedwa ndi muyeso wakale. Palibe amakangana, cifukwa muyeso uliwonse uli ndi caka cace m'buku.

Tsono tibwerere kwathu, tione m'mene zinayendera ndi ngwazi yathu.

Caka ca Ucar

Godfrey Chitalu anabadwira ku Luanshya pa 22 Okutobala 1947. Anayamba kuchuka ali ku Kitwe United, kumene mu 1968 anamwetsa zigoli 81, nakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya wosewera mpira wopambana onse m'Zambia. Mphoto imeneyo anailandira kasanu: mu 1968, 1970, 1972, 1978 ndi 1979. Ali mnyamata anali wa mtima wapacala, ndipo akale amasimba kuti tsiku lina woimba mluzu atamfunsa dzina kuti amlembe m'buku, iye anayankha kuti ndi Denis Law, katswiri wa Manchester United, ndipo anamtulutsa m'bwalo. Mu 1971 anasamukira ku Kabwe Warriors, timu ya anchito a njanji. Dzina lakuti Ucar linacokera ku mabatire a wailesi amene anali kuchuka ndi kusatha mphamvu msanga, ndipo amene analifalitsa ndi muulutsi wa mpira uja, malemu a Dennis Liwewe.

Caka ca 1972 anaciyamba ndi timu ya Majantja ya ku Lesotho, pa mpikisano wa makalabu a mu Africa. Ku Maseru anamwetsa ziwiri, masewero natha 2-2. Pobwereza ku Ndola, pa bwalo la Dag Hammarskjöld, Warriors inapambana 9-0, ndipo zigoli zisanu ndi ziwiri zinali zace. Caka conse cinayenda cotero. Warriors inatenga ligi pamodzi ndi zikho zonse za m'dziko. Pakutha pa caka anampatsa mpira wolembedwapo dzina lace ndi ciwerengero ca 107, ndipo cithunzi cace atanyamula mpirawo ciripo mpaka lero. Kwa timu ya dziko, pa zaka zonse zimene anaisewerera, anaimwetsera zigoli 79, kuposa munthu wina aliyense.

M'caka comweco ca 1972, Gerd Müller wa Bayern Munich ndi West Germany anamwetsa zigoli 85. Zace zinalowa m'mabuku a ku Ulaya, ndipo kwa zaka makumi anai dziko lonse linali kunena kuti palibe munthu anamwetsapo zambiri m'caka cimodzi kuposa iye. Za ku Kabwe panalibe wozichula.

Pamene Messi anadzutsa nkhani

Pa 9 Disembala 2012, Lionel Messi wa Barcelona ndi Argentina anapitirira ciwerengero ca Müller pa masewero olimbana ndi Real Betis, ndipo anatsiriza cakaco ndi zigoli 91. Maiko anaimba nthungululu. Apa m'pamene bungwe lathu la mpira, FAZ, linaimirira ndi kunena kuti mwana wa ku Luanshya anacita zoposa pamenepo zaka makumi anai zapitazo. Yankho la FIFA linali lakuti bungwelo silisunga ziwerengero za maligi a m'maiko, kotero silingacitire umboni ngakhale ca Messi, ngakhale ca Chitalu. Pa mau, onse awiri anawayesa ndi muyeso umodzi. Koma Messi sanasowe umboni wa FIFA: cigoli cace ciriconse cinali pa kanema ndi m'mabuku a ligi ya ku Spain. Chitalu anatsala ndi mpira wolembedwa, cithunzi, ndi cikumbukiro ca okalamba.

Tisasokoneze nkhani ziwiri. Funso lakuti ligi yathu ya 1972 inali yolimba bwanji poiyerekeza ndi ya ku Spain ya 2012, anthu angalikambirane mpaka nkhuku zitalira. Koma funso lakuti zigolizo zinalowadi m'ukonde kapena ai, ndi funso la umboni, ndipo limayankhidwa ndi pepala.

Mwamwai pepalalo linalipo, kungoti linali lomwazikana. Atolankhani a Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail anali kulemba za masewero a cakaco sabata ndi sabata. Cimene cinasowa ndi buku limodzi losonkhanitsa zonse. Wofufuza wina wa kuno kwathu, a Jerry Muchimba, anakhalira pansi nyuzipepala zakalezo, nalondola masewero amodziamodzi ndi tsiku lace. Anapeza kuti kuyambira Januwale kufika Disembala zigolizo zinali 116. Zisanu ndi zinai za Majantja zija sizinawerengedwe pa 107, cifukwa zinalowa nyengo ya mpira wa m'dziko isanatsegulidwe. Buku lao lonena za moyo wa Chitalu linatuluka mu 2015. Bwalo la Railway ku Kabwe nalonso linapatsidwa dzina la Chitalu. Koma taonani kuti zinatenga zaka makumi anai, ndi kuputidwa ndi mlendo, kuti tifukule cuma cimene cinali m'nyumba mwathu momwe.

Bala lomweli ku America

Tingaganize kuti tsoka lotere ndi lathu lokha. Iai. M'dziko lomwe lija la alembi acangu, munali osewera ena amene colembera cinawalambalala. Kufikira 1947, pamene Jackie Robinson analowa mu timu ya Brooklyn Dodgers, anthu akuda sanali kuloledwa m'maligi akuluakulu a baseball. Robinson m'caka cace coyamba comweco anatsogola pa kuba mu ligi yace, ndi maulendo 29. Anzace amene anatsekeredwa kunja anali ndi maligi aoao, ochedwa Negro Leagues, amene anakhazikika kuyambira 1920 motsogozedwa ndi Rube Foster.

Mwa iwo munali James Bell, wodziwika ndi dzina lakuti Cool Papa, amene omuona anali kunena kuti panalibe waliwiro ngati iye. Pakamwa pa anthu pamayenda nkhani yakuti m'caka cimodzi anaba maulendo 175. Koma masewero ambiri a matimu a anthu akuda sanali kulembedwa, ndipo pamene analembedwa, kawirikawiri mzere wa kuba unali kusiyidwa. Cotero ciwerengero cimene cingatsimikizidwe ndi cocepa kwambiri poyerekeza ndi mbiri yace. Cool Papa ndi Ucar akanakumana, akanamvana msanga.

Cimene cinawaombola ndi khama la ofufuza, amene kwa zaka zambiri anafukula nyuzipepala zakale za anthu akuda, monga Chicago Defender ndi Pittsburgh Courier, natola timabokosi tija kamodzikamodzi. Mu Disembala 2020 akuluakulu a baseball anavomera kuti maligi asanu ndi awiri a anthu akuda, a zaka za 1920 mpaka 1948, anali maligi akuluakulu mofanana ndi a azungu. Mu Meyi 2024 ziwerengero za osewera oposa 2,300 zinalowetsedwa m'buku lalikulu. Tsiku limenelo Josh Gibson, amene anamwalira mu 1947, anakwera pamwamba pa Ty Cobb pa luso la kumenya mpira. Cilungamo cinafika mocedwa, eni ace ambiri ali m'manda, ndipo cinafika pokhapo pamene panapezeka pepala. Masewero amene sanalembedwe anapita ndi mphepo. Madzi akatayika saoleka.

Fumbi la m'makomboni

Chitalu anagona kuno ku Lusaka. Anali mphunzitsi wa timu ya dziko pamene ndege ya asilikali yopita ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, ku Gabon, usiku wa pa 27 Epulo 1993. Anthu onse 30 anathera pomwepo, 18 mwa iwo osewera. Anaikidwa pa Heroes' Acre, kunja kwa bwalo la Independence, pafupi ndi Matero, ndipo maina ao analembedwa pa miyala. Ana a ku Matero ndi ku George amene amadutsa pamenepo popita ku bwalo la National Heroes angathe kuwawerenga. Taphunzira kulemba maina a ngwazi zathu pa manda. Catsala ndi kuphunzira kulemba nchito zao zikali ndi moyo.

Pakuti ngwazi sizinathe kubadwa. Loweruka ndi Lamulungu liri lonse, mabwalo a fumbi a ku Kanyama, Chawama, Kalingalinga ndi Mtendere amadzaza. Tiana timayamba ndi cimpombwa ca mapulasitiki, magoli ali miyala iwiri. Okulirapo ali ndi matimu a maina, mayunifomu ocita kusonkherana, ndi maligi a m'dera. M'mabwalo otere ndimo munatuluka Barbra Banda, mwana wa mu Lusaka amene anakulira mpira ku Bauleni United Sports Academy. Mu 2020 anatsogola pa zigoli mu ligi ya akazi ya ku China ndi zigoli 18. Pa masewero a Olympics a ku Tokyo mu 2021 anamwetsa zitatu polimbana ndi Netherlands, ndi zitatu zina polimbana ndi China. Mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wamkazi wopambana onse mu Africa. Zonsezi tikuzichula mosakaika, cifukwa zinacitikira kumene kuli alembi. Nanga zigoli za mtsikana amene lero akusewera ku Mtendere, ndani akuziwerenga?

Imeneyi si nkhani ya kunyada cabe. Mnyamata wa ku Kanyama akapita kukayesedwa ku kalabu yaikulu, amafika ndi mau a pakamwa okha: "Kwathu ndimamwetsa kwambiri." Amapatsidwa mphindi zocepa pakati pa anyamata ambirimbiri, ndipo tsikulo likamuipira, zaka zace zonse za khama ziribe wozicitira umboni. Mikangano ya zaka zakubadwa, imene imaononga mipikisano ya ana, imakula pamene palibe buku loonetsa kuti mwana wakuti anayamba liti kusewera ndi gulu liti. Mphunzitsi wodzipereka amene anaumba wosewera kuyambira ali wosavala nsapato amaiwalika tsiku limene mwanayo wasaina ku timu ya ndalama, pakuti dzina lace silinalembedwe paliponse. Kumene kulibe buku, wamphamvu ndi wa pakamwa pakuthwa ndiye amapambana mlandu.

Nchito ya buku limodzi

Mankhwala ace ndi ochipa. Timu iriyonse ya m'komboni, ya sukulu kapena ya acinyamata a pa parishi ingathe kugula buku limodzi la cikuto colimba ndi kusankha mlembi. Sikofunika kuti akhale wosewera. Angakhale mtsikana wa luso la masamu, mphunzitsi wopuma pa nchito, kapena mnyamata wolumala mwendo amene amakonda mpira koma sangathamange. Pa masewero alionse alembe tsiku, bwalo, maina a matimu ndi a osewera onse, amene amwetsa zigoli, ndi m'mene masewero athera. Woimba mluzu ndi akaputeni awiri asaine pansi pace. Alembe masiku a kuluza mofanana ndi masiku a kupambana, monga anacitira alembi a Henderson ndi maulendo 42 aja, pakuti buku lolemba zokoma zokhazokha palibe amalikhulupirira. Zithunzi za pa foni ndi zabwino, koma foni imabedwa, imagwera m'madzi a dzinja, imafa. Tsamba lijambulidwe pa foni, koma buku lisungidwe pouma, ndipo mlembi akacoka alisiye m'manja mwa womlowa m'malo.

Palinso nchito ina yofulumira koposa. Munthu amene anali ndi zaka 20 m'caka ca Ucar, lero wapitirira zaka 70. A Liwewe, amene mau ao anatifikitsira zigolizo m'nyumba zathu, anatisiya mu Epulo 2014. M'makomboni mwathu mukali agogo amene anamuona Chitalu ndi maso ao pa bwalo la Independence kapena la Woodlands, ndi ena amene anasewerera matimu a m'dera amene maina ao sanalowepo m'nyuzipepala. M'masutukesi a pansi pa bedi muli zithunzi zofiirira ndi zidutswa za nyuzipepala zimene ciswe cikuzidikira. Adzukulu akhale nao pansi agogowa, awafunse maina a anthu a pa cithunzi, caka ndi bwalo, nalembe kumbuyo kwace. Mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapo pamene wina wawasunga.

Henry Chadwick sanabepo base ndi imodzi yomwe m'maligi akuluakulu, koma popanda kabokosi kace bwenzi Henderson ali nthano ya pamoto. Loweruka likudzali, pamene mpira udzayamba pa bwalo la kufupi ndi kwanu, osewera adzakhalapo 22, ndipo oimba ndi ovina sadzasowa. Tikupempha kuti papezekenso munthu mmodzi wokhala pa njerwa m'mbali mwa bwalo, buku liri pa maondo, colembera ciri m'dzanja.